Mkuwo wa ba Edness a ku Shikabeta

Mukakwera minibasi yochokera ku Lusaka, mukangodutsa Chongwe n'kutchula dzina la ba Edness a ku Shikabeta, wina m'basimo akuuzani kuti mayi amenewo amaitana njovu ndi pakamwa. Akuti akakuwa, njovu zimasiya kumwa madzi n'kuima pamzere ngati ana a sukulu, kudikira kuti aziuze munda woti zikadye. Akuti mawu amene mumamva m'nyimbo za gulu la Dzimbiri si a munthu ayi, anachita kukawatenga kwinakwake, ndipo anapereka mwamuna wawo. Wokuuzaniyo amatsitsa mawu, amayang'ana uku ndi uku, koma mukamufunsa njira ya ku Shikabeta saidziwa.

Mabodza amenewo. Ba Edness ali ndi mbuzi imene imadya zovala pachingwe iwo akuona, akaikalipira imangowayang'ana ikutafuna. Munthu wolephera mbuzi ndiye alamule njovu? Komabe tisaseke kwambiri, chifukwa bodza lomweli linatsala pang'ono kuwaotchetsa nyumba iwo ali momwemo.

Nkhani yake imayambira kuminda. Ku Shikabeta chimanga ndi mapira zikayamba kucha, anthu amasinthana kukhala pansanja zomangidwa m'mitengo, kulondera anyani ndi nyama zina. Ndipo kuli mkuwo umodzi umene saseweretsa. Umayambira pansi m'mimba ngati thirakitala yokana kulira, kenako umakwera: "Alowaaa! Tulukani!" Dzina la nyamayo salitchula, aliyense amadziwa. Womva amasiya chilichonse, kaya akusamba, kaya akupemphera, amatenga chitini kapena chitsulo n'kuthamangira kumene kwachokera mawuwo. Njovu siopa munthu mmodzi, imaopa phokoso la mudzi wonse. Mwana akakuwa choncho moseka amakwapulidwa ndi wamkulu aliyense amene ali pafupi, ndipo mayi wake amathokoza.

Kale ba Edness anali ndi kamawu kang'ono kokoma, ankaimba kutsogolo m'kwaya ya kutchalitchi. Tsiku lina ali pansanja anaona njovu ikutsekera njira mwamuna wawo, ba Likumbi, kumalire a munda. Anakuwa mpaka china chake chinang'ambika pakhosi. Anthu anabwera, koma anapeza zatha kale. Maliro atatha, mawu amene anabwerera sanali akale aja. Anali okhuthala, okanda, ngati munthu akukoka lata pamwala. A kwaya anawabweza kumzere wakumbuyo n'kuwapempha mwaulemu kuti aziwomba m'manja basi. Koma kuminda ankawafuna, chifukwa iwo akakuwa ndi a kutsidya kwa mtsinje omwe ankamva.

Dera lathu lino la Rufunsa litakhala boma palokha mu 2012, kunabwera anthu a m'maofesi ochokera ku Lusaka ndi mafiriji awo ndi madandaulo awo a netiweki. Mmodzi mwa iwo anali Darius, munthu wowonda ngati bango, amene mkati mwa sabata ankavala tayi n'kumadinda mapepala. Iyeyu anabwera ndi gitala yakuda yosongoka ngati nkhwangwa. Loweruka ankapita nayo kumsika kwa Cephas wowotcherera zitsulo, poti ndi malo okhawo amene phokoso silidabwitsa munthu. Cephas, bambo wandevu zake, mwana wa mkulu wawo wa ba Edness, anamvetsera nyimbo za m'foni ya Darius n'kunena kuti, "Iyi ni nchito yanga ya masiku onse, koma aba afulumira maningi." Anadula migolo, anakunga zikopa, anapanga zopondera ziwiri ndi tcheni cha njinga kuti mapazi onse azimenya ng'oma imodzi. Darius ankati nyimbozo dzina lake ndi thirashi metulo. Anthu a pamsika anamvetsera pang'ono n'kuzitcha chigayo, ndipo dzina la pamsikalo ndi limene linakhala.

Chimene chinkasowa ndi woimba. Darius akayesa kubangula ankamveka ngati tambala wachimfine. Ndiye tsiku lina ba Edness anabwera kuboma kudzawotcheretsa khasu. Ali chiimire pakhomo pa Cephas, galu analuma kathumba kawo ka nsomba za kapenta n'kuyamba kuthawa nako. Iwo anangoti, "Iwe!" Galu anasiya kathumba, wogulitsa nthochi anagwetsa beseni, ndipo Darius anatsala pang'ono kugwada.

"Amai, mau amene ayo mwayachosa kuti?"

"Pakhosi. Iwe ako umayachotsa kuti?"

Darius atawapempha, ba Edness anavomera kuimba nawo, ndipo chifukwa chake sichovuta. Chimwalirire ba Likumbi, palibe amene anawapemphapo kuti atsegule pakamwa pokhapokha kukakhala zoopsa. Gululo analitcha Dzimbiri. Anaimba koyamba Loweruka masana kuseri kwa msika, atakwera pangolo ya thirakitala. Ba Edness anavala chitenje, duku ndi sikipa yakuda ya m'salaula, zovala za kaunjika zija, yojambulidwa chibade, chimene iwo ankati chikufanana ndi malume awo. Ana anathawa. Agogo ena anavula chipewa poganiza kuti kwagwa ngozi. Koma nyimbo zinali za zinthu zathu zomwe: mbozi zotha chimanga, mabasi ogubuduka m'mapiri a Manenekela, feteleza wofika mvula itapita. Posakhalitsa makondakitala anayamba kugwedeza mitu ngati mbuzi zokana chingwe, ndipo ogulitsa makala anawatsatira.

Chaka chisanathe chigayo chinafalikira msewu wonse. Ku Mpanshya kunabadwa gulu la Chiswe, limene linkaphunzirira kutali ndi chipatala kuti odwala asaganize kuti dziko latha. Ku Chinyunyu atsikana anayambitsa la Minga. Ogulitsa nsomba zouma a ku mlatho wa Luangwa nawo anali ndi lawo. Masikipa akuda anatha m'salaula, ometa tsitsi anayamba kudandaula njala poti anyamata anali kuweta tsitsi, ndipo anthu a ku Lusaka, amene timadziwa kuti amaima kuno pokhapokha tayala likaphulika, anayamba kutsika dala kudzamvera. Magulu onsewo anali ndi anyamata obangula, koma aliyense ankadziwa kuti mwini wake wa mawu amakhala ku Shikabeta ndipo amalima mapira.

Tsoka linalowa pa tsiku lojambula nyimbo. Anatseka chitseko cha Cephas n'kuchitchinga ndi matiresi. Darius ankafuna kuti nyimbo yatsopano iyambe ndi mawu okha, gitala isanalowe.

"Amai, tipaseni chintu choyofya. Chamene muntu akamvera, tsitsi iimilire."

Ba Edness anatsinzina. Sanaganize zoti asankhe, zinangobwera zokha: nsanja, malire a munda, malaya a ba Likumbi. Mkuwo uja unatuluka wonse, kuyambira m'mimba mpaka "Tulukani!" Atatsegula maso, Cephas anali ataimirira kale, chitsulo chili m'manja, akuyang'ana kuchitseko.

"Fufuta," anatero ba Edness. "Darius, fufuta zimenezo. Sizoimba."

"Amai, iyi ni ya ku Lusaka chabe. Ku Shikabeta kulibe na netiweki. Bazaimvera kuti?"

Cephas anang'ung'udza pang'ono, koma naye nyimboyo inali itamukomera. Darius, mwana wa m'tauni, sanadziwe kuti kumene netiweki sifika njinga imafika. Nyimbo inalowa m'timakadi ta m'foni, timakadi tinalowa m'matumba a ogula mbuzi, ndipo chimanga chisanachite ngayaye nyimbo inali itafika ku Shikabeta.

Tsiku loyamba kulira pakantemba, kagolosale ka m'mudzimo, mudzi wonse unatuluka ndi zitini, ena sopo ali kumutu, n'kupeza mwini kantemba akugwedeza mutu pambali pa sipika. Anamukalipira, kenako anaseka. Ulendo wotsatira anatuluka ochepa. Kenako nyimbo ija anthu anaiika kuti izilira foni ikaitana, moti mkuwo wa njovu unkamveka pachitsime, kumpira, ngakhale m'thumba la mkulu wa mpingo pakati pa pemphero. Ba Edness anayenda khomo ndi khomo kupempha kuti aichotse. Ankawayankha kuti, "Aa, ba Edness, mwatchuka, manje mufuna kutimana?" Iwo okha ndiwo sanazolowere. Akamva mawu awo akutuluka m'thumba la munthu, miyendo inkayamba kuthamanga yokha, ndipo ankadziwa chimene chikubwera.

Chinabwera masana, dzuwa litangopendeka. Ba Edness anali pansanja yoyang'ana munda wa mulamu wawo, ba Benard, mkulu wake wa malemu ba Likumbi, amenenso anali wapampando wa olondera minda. Anaona mitengo ikugwedera popanda mphepo, kenako misana yotuwa. Anakuwa. Anadikira. Anakuwanso mpaka kulawa magazi pakhosi. Kumudzi kunamveka munthu akuseka, ndipo wina anayankha poyerekeza kulira kwa gitala ndi pakamwa.

Anabwera munthu mmodzi yekha: ba Estina, mkazi wa ba Benard, mnzawo wa ba Edness kuyambira pamene onse anakwatiwa m'banjamo. Iwo ankati foni siipuma pakati pa mawu, koma munthu wamantha amapuma. Anafika akuthamanga ndi chitini ndi mwala, ali okhaokha, ndipo njovu yokhala ndi mwana inawatembenukira. Inawakankha ndi chitamba n'kuwagwetsera pachulu. Ba Edness anamva fupa likuthyoka ali pamwamba pomwepo. Anthu anawanyamula ba Estina pangolo kupita nawo kuchipatala ku Mpanshya, chiuno chitasweka, ndipo theka la munda linasanduka bwalo.

Anthu amene anaseka aja anafunika pobisala, ndipo anabisala m'bodza. Palibe amene ananena kuti tinamva koma sitinatuluke. Anati: kodi njovu zinayamba liti kubwera masana chonchi, si chiyambire nyimbo ija? Wina anakumbutsa za ba Likumbi, kuti nawonso anafa ba Edness ali pansanja akukuwa. Wina anawonjezera chibade cha pasikipa. Pofika Lamlungu, mkuwo wothamangitsa njovu unali utasanduka woziitana.

Ba Edness akafika pachitsime, amayi ankasiya nkhani n'kukokera ana kumbuyo. Akapereka moni ankayankhidwa ndi mutu. Anayamba kuopa pakamwa pawo pomwe. Chifuwa chikawagwira ankakhosomolera m'chitenje kuti wina asanene kuti akupereka chizindikiro. Mbuzi ija inadya bulawuzi yawo ya kutchalitchi iwo akungoyang'ana, osatha ngakhale kunena kuti choka. Tsiku lina m'mawa ba Edness anatsegula chitseko n'kupeza pakhomo pali chigubu cha petulo, pamwamba pake ataikapo bokosi la machesi. Anachiyang'ana, kenako anayang'ana udzu wa denga lawo. Anaganiza zothawira kuboma kwa Cephas, koma njira yotulukira m'mudzi imadutsa pakantemba, ndipo pamenepo panali anyamata atakhala, akusema zibonga mosafulumira.

Tsiku lomwelo ba Benard anaitanitsa msonkhano kuminda. Maso awo anali ofiira, anali atangobwera kuchipatala. Si munthu woipa, ndi munthu amene njovu zinamutengera mng'ono wake ndipo tsopano zamupundulira mkazi.

"Mulamu," anatero osawayang'ana, "ine sindinena kuti ndinu mfiti. Anthu ndiwo anena. Zija zibweranso lero, zalawa kale. Mukhale pansanja, ife tikhala pachulu tione."

"Muone chiyani, ba mulamu?"

"Tione ngati zikumverani."

Ba Edness anauona msamphawo. Njovu zikabwera, anena kuti aziitana. Akakuwa n'kuthawa, anena kuti zawamvera ngati agalu awo. Zikapanda kuthawa, zigwetsa mtengo ndipo nkhani ithera pomwepo. Kumbuyo kwa anthu, mmodzi wa anyamata aja anali atanyamula chigubu chija, akuchigwedeza kuti petulo amveke.

Apa m'pamene njinga yamoto inafika, Cephas akuyendetsa, Darius kumbuyo atakumbatira sipika, batire ndi gitala. Anali atamva za ba Estina ndipo anabwera kuti afotokoze, aonetse anthu kuti mawuwo amangotuluka m'waya. Darius anali atavalanso tayi, poganiza kuti imuthandiza. Anangoti, "Bantu banga, ni ine nalakwisa," chibonga chinadutsa pafupi ndi khutu lake, ndipo mawu ena onse anabwerera m'mimba.

"Amai ang'ono, mulipo?" anafunsa Cephas, nkhope itatuwa.

Ba Edness anangogwedeza mutu.

"Abwera ndi zida zawo," wina anakuwa. "Akhale nawo konko!"

Ndiye zinakhala choncho. Awiriwo anawakhazika patsinde pa mtengo wa nsanja ndi katundu wawo, pafupi ndi chitsulo chakale cha pulawo chimene olondera amapachika kuti azimenya. Anawauza kuti alumikize zonse, anthu aone mmene amaitanira. Maikolofoni anaikweza pansanja ndi waya wake. Kenako mayi wina anati, bwanji akamanong'ona mankhwala ife tili kutali? Onse anayang'ana wapampando. Ba Benard anavula nsapato n'kukwera, kuti akhale pafupi aziona milomo ya mulamu wawo.

Ali pamwambapo ba Edness anachita chinthu chimene palibe anayembekeza. Anavula duku, analipinda, anadzimanga pakamwa n'kumanga mfundo yolimba kumbuyo kwa mutu. Anachita zimenezi ataimirira kuti a pachulu aone bwino. Kenako anakhala pansi, manja ali pamiyendo.

Anadikira. Dzuwa linawotcha, ntchentche zinazungulira. Pansi Darius ankapemphera m'zinenero zonse zimene amadziwa. Kenako mbalame zinaleka kulira. Kunamveka nthambi ikuthyoka, ndipo fungo linafika njovu zisanaoneke, fungo la ndowe ndi matope. Ba Edness analidziwa. Inatuluka yaikazi ija, mwana ali m'mbali, zinzake zikutsatira. Zinalowa m'chimanga chotsala mosafulumira, zikuzula mapesi n'kuwakutumula dothi. Pachulu panali zii. Ena anali atayamba kale kutsetserekera kuseri.

Yaikaziyo inakweza chitamba, inanunkhiza, inatambasula makutu. Inayamba kubwera kumtengo.

"Mulamu," ba Benard ananong'ona. "Kuwani."

Ba Edness anayang'ana kutsogolo.

"Mulamu, kuwani! Yatiwona!"

Mkuwo unali utafika kale pakhosi, ukukankha duku. Thupi lonse linkafuna kukuwa, ndi zimene linazolowera. Anaona makwinya a pamphumi pa njovu, anaona mnyanga umodzi wobenthuka nsonga. Anakumbuka ba Likumbi. Anakumbukanso chigubu ndi machesi. Analuma nsalu ndi mano mpaka nsagwada zinawawa, misozi ikutsika, koma mawu sanatuluke.

Njovu inafika pafupi moti mpweya wake unagwedeza masamba a pansanja. Inatsamira mtengo ndi mutu, kuuyesa. Nsanja inalira, mtengo umodzi woyalapo unagwa pansi. Ba Benard anagwira mkono wa mulamu wawo ngati mwana.

"Edness! Ndapota nawe! Edness!"

Ba Edness anatola maikolofoni ndi dzanja linalo n'kuiika pakamwa pa ba Benard. Nthawi yomweyo chitamba chinakwera n'kugwira m'mphepete mwa nsanja, pafupi ndi phazi la wapampando.

"Mayo ineee! Ndafa ineee! Mayooo!"

Sipika ya Darius inali itatsegulidwa mpaka kumapeto. Mawu a ba Benard anatuluka patsinde pa mtengo, pansi pa mimba ya njovu, aakulu ngati a chimphona koma oonda ngati a mwana wa mbuzi. Cephas, poona kuti kufa n'komweku, anagwira miyala iwiri n'kuyamba kumenya chitsulo cha pulawo pa liwiro lake lija la chigayo. Darius anagwa chagada gitala ili pachifuwa, zala zikukwapula zingwe zokha, ndipo chimene chinatuluka si nyimbo, koma chinakwanira. Njovu inabwerera m'mbuyo, inalira mpaka makutu kugontha, mwana anathamangira pansi pake. Ba Benard anapitiriza kuitana amayi awo amene anamwalira kalekale.

Pamenepo a pachulu anakumbuka chimene makolo awo anawaphunzitsa. Mayi mmodzi anayamba kumenya chitini, wina anatsatira, kenako onse anatsika akukuwa, akumenya chilichonse. Mnyamata wa chigubu uja anakhuthula petulo pansi kuti apeze choti amenye. Njovu zinatembenuka n'kulowa m'tchire, mitengo ikuthyoka kumbuyo kwawo.

Phokoso litatha, ba Edness anamasula duku. Mfundo inakana kumasuka, anachita kulikokera kukhosi. Anatsika pang'onopang'ono, anaima pamaso pa anthu, milomo ikutuluka magazi, n'kulankhula motsitsa.

"Mwaona nonse. Ine sindinatsegule pakamwa. Zabwera zokha. Ndipo zachoka atalankhula ba mulamu. Ngati petulo watsala, nyumba yawo mukuidziwa."

Palibe anaseka. Anthu anayang'ana pansi, ena anayang'ana ba Benard amene ankatsika chafufumimba, buluku litanyowa mbali imene sitinena. Atafika pansi anakhala m'fumbi n'kugwira mutu.

"Tinamva tsiku lija," anatero. "Ine amene ndinamva. Ndinali pakantemba. Ndinati ni foni."

Atatero, ena nawo anayamba kuvomera, mmodzimmodzi, mawu ali pansi. Anyamata a zibonga anazemba mwakachetechete, ndipo chigubu chopanda kanthu chinatsala m'munda mpaka chinaphulika ndi dzuwa.

Nyimbo ija anaichotsa m'mafoni a ku Shikabeta, ndipo wopezeka nayo amalondera minda ya anthu onse mpaka kukolola. Koma mkuwo wakale unali utafa, anthu sankaukhulupiriranso. Olondera anagwirizana watsopano, ndipo musandifunse kuti anautenga kuti. Masiku ano mukamva munthu pansanja akukuwa kuti "Mayo ineee!" tengani chitini muthamange. Ba Benard anayesa kutsutsa, anagonja pa mavoti. Darius anachita kulumbira pamaso pa onse kuti umenewu saujambula, ngakhale a gulu la Chiswe amupemphe motani.

Ba Estina anatuluka m'chipatala, koma amayenda ndi ndodo ndipo kumunda sapitanso. Ba Edness amawatungira madzi ndi kuwalimira ndime yawo, ndipo awiriwo akakhala pakhonde sakamba za tsiku limenelo. Dzimbiri ikadalipo, magulu a chigayo achuluka moti chaka chilichonse akakolola amakumana kuseri kwa msika wa Rufunsa, fumbi kuti kobo. Ba Edness amaimbabe, duku kumutu, chibade pachifuwa. Koma asanakwere pangolo amayang'ana kaye anthu nkhope imodziimodzi, ndipo akamva fungo la petulo, ngakhale la njinga yamoto yongodutsa, amasiya kulankhula. Denga la nyumba yawo anachotsa udzu, Cephas anawakhomera malata.

Bodza lokha ndilo silinafe, linangokwera minibasi. Tsiku lina ba Edness ankachokera ku Mpanshya kukatengera ba Estina mankhwala, atapanikizidwa pampando wakumbuyo pakati pa thumba la makala ndi bambo wina wa jekete. Nyimbo ya Dzimbiri italira, bamboyo anawaweramira n'kuyamba kuwauza zonse: za njovu zoima pamzere, za mwamuna woperekedwa, za mawu ogula. Kondakitala, amene ankawadziwa, anangoluma chala. Ba Edness anamvetsera mpaka kumapeto, anasuntha bondo limene linali litachita dzanzi, n'kuyankha ndi mawu awo aja, moti dalaivala anaponda buleki.

"Edness ndine. Ndikanakhala ndi njovu zanga, sembe ndakwera chibasi chino? Sendezani mwendo, mwandiponda."